Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Mwambi wakuti "kuona maso a nkhono n'kudekha" unachokera pa khalidwe la nkhono yeniyeniyo, imene maso ake ali kunsonga kwa tinyanga tiwiri tapamwamba, ndipo tinyangato timabwerera m'mutu nkhonoyo ikangokhudzidwa. Munthu wopupuluma, amene amaitola kapena kuigogoda kuti iturutse mutu, amangotsala ndi chigoba m'manja, pamene wokhala chete pambali pake amaona tinyanga tikutambasuka pang'onopang'ono mpaka timadontho takuda takunsonga titaonekera. Akuluakulu amanena mwambiwu polangiza woweruza mlandu kapena wophunzira luso, koma palibe ntchito imene imautsimikizira kuposa ya munthu wopenya nyama ndi mbalame zakutchire ndi kulemba zimene waona, amene salipidwa ndi wina aliyense koma amangozikonda.

Chigwa cha Wovwe, kummwera kwa boma la Karonga, ndi malo oyenera kuyeserapo mwambiwu. Mtsinje wa Wovwe umachokera kumapiri a Nyika, pamtunda wopitirira mamita 2,000, n'kutsika kudutsa nkhalango za mombo ndi pamalo pamene makina akhala akupanga magetsi kuyambira 1995, kenako n'kufika m'minda ya mpunga wothirira kufupi ndi Nyanja ya Malawi, imene ili pa mamita osafika 500. Kutsika kwakukulu chotere kumachititsa kuti zolengedwa za kozizira ndi za kotentha zikhale moyandikana, kotero kuti kumtunda, m'malo otetezedwa a Nyika amene anakhazikitsidwa mu 1965, kuli mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi nyalugwe, pamene m'madambo a kumunsi mumapezeka akakowa, anantchengwa ndi nkhwazi.

Kupenya m'malo otere kumafuna kudekha kwa mitundu itatu. Kudekha koyamba ndi kwa thupi, ndipo mlenje aliyense amakudziwa: kufika m'bandakucha, kukhala kumene mphepo siingatengere fungo la munthu kwa nyama, kuvala zosawala, ndi kuwerenga mapazi, ndowe ndi nthenga pamene mwini wake sakuoneka.

Kudekha kwachiwiri, kumene kumavuta kwambiri ndipo ambiri amagwera pamenepa, ndi kwa cholembera. Wopenya woona mtima amalemba pamalo pomwepo tsiku, nthawi, dzina la malo, chiwerengero cha zimene waona, nyengo ndi zimene cholengedwacho chimachita, chifukwa zosungidwa m'mutu mpaka madzulo zimasakanikirana ndi zimene mtima umalakalaka kuona. Chitsanzo chabwino ndi namzeze, dzina limodzi limene limaphimba mitundu ingapo. Pali namzeze wa buluu wonyezimira thupi lonse, wosowa kwambiri padziko, amene amaswa m'madambo a udzu pa Nyika nthawi ya mvula n'kupita cha ku Uganda ndi Kenya mvula ikatha, komanso pali wina wa kukhosi kofiira ndi kumimba koyera, amene amaswa ku Ulaya ndi ku Asia n'kufika kuno cha mu Okutobala. Kambalame kodutsa mofulumira pamwamba pa munda dzuwa lili kumaso kamaoneka kakuda basi, ndipo munthu wofuna kutchuka angalembe kuti waona mtundu wosowawo. Wodekha amafotokoza mchira, khosi ndi kaulukidwe, amasiya malo a dzina opanda kanthu, ndipo amabwereranso mawa lake. Amalembanso tsiku limene anadikira osaona kanthu, pakuti popanda masiku otero palibe angadziwe ngati mbalame inasowadi kapena panalibe woiyang'ana. Dzina limodzi lolakwika likalowa m'kaundula limakopedwa kuchoka m'buku kupita m'buku, ndipo kulichotsa kumatenga nthawi yaitali kuposa imene wolembayo anakana kudikira.

Kudekha kwachitatu ndi kwa zaka, popeza chooneka kamodzi sichinena zambiri, koma zolemba za malo amodzi zotsatizana nyengo ndi nyengo zimaonetsa kusintha. Buku la mapu a mbalame za m'Malawi limene Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anatulutsa mu 2006, lofotokoza mitundu pafupifupi 650, linatsamira pa maulendo a iwo eni komanso pa zolemba za anthu ambiri amene kupenya mbalame sinali ntchito yawo yolembedwa. Wina mwa oyambirira anali C. W. Benson, wogwira ntchito m'boma la atsamunda, amene anasindikiza mndandanda wa mbalame za Nyasaland mu 1953, ndipo pambali pake kwa zaka zambiri panali Jali Makawa, katswiri wozindikira mbalame ndi kulira kwake, amene anapita naye mpaka kuzilumba za Comoros mu 1958. N'chinthu chowawa kuti maso ngati a Makawa analipo ambiri m'midzi, koma mayina amene anatsala m'mabuku, monga la Richard Crawshay limene mbidzi ya ku Nyika imadziwika nalo, ambiri ndi a alendo amene anali ndi pepala ndi inki.

Kusiyana kumeneku kudakalipo ku Wovwe. Mlimi woingitsa mbalame m'munda wa mpunga amakhala pamalo amodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa kwa milungu ingapo, ndipo amadziwa, m'Chitumbuka kapena m'Chinkhonde, gulu limene limayamba kufika mpunga ukamamasula ndi limene limabwera utakhwima, kudekha kumene mlendo wa masiku awiri sangakhale nako ngakhale atanyamula kamera yodula. Chimene chimasowa ndi kope lokhala ndi madeti. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947, lakhala likulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'masukulu, ndipo masiku ano eBird ndi iNaturalist zimalandira zolemba ndi zithunzi kudzera pa foni yam'manja, pamene ena odziwa amathandiza kutsimikiza dzina. Mwana wa sukulu wa m'chigwachi amene angalembe, chaka ndi chaka, tsiku limene anamzeze ochokera ku Ulaya afika ndi tsiku limene magulu odya mpunga ayamba kutera, adzakhala ndi umboni wothandiza alimi kukonzekera ulonda wa minda yawo, komanso wothandiza ofufuza kuona ngati nyengo ya kumunsi kwa Nyika ikusuntha.