Usanalandire kagalu kaulere

Mwana wanga, ndamva kuti akufuna kukupatsa kagalu kakakazi, iwe n'kumati ndi mwayi chifukwa sulipira kanthu. Khala pansi undimve. Galu wamkota sakandira pachabe.

Yamba wawerengera. Galu wamkazi akatha miyezi 6 kapena kupitirira pang'ono amayamba kulola amphongo, ndipo amatero pafupifupi kawiri pachaka. Bere lake ndi la masiku 63 okha. Akaswa ana asanu ulendo uno, asanu ulendo winawo, pakhomo padzaza, ndipo aakazi oyamba aja nawonso ayamba kale kulondoledwa. Mkute wa m'nyumba mwako ungakhutitse angati?

Usadzinamize kuti udzagawira anthu. Amene akukupatsa iweyo akuthawa vuto lomweli. Amphongo amatengedwa msanga, aakazi amatsala. Otsalawo ena amawamangira m'thumba n'kukawaponya mumtsinje, ena amakawasiya pamsika usiku. Zimenezo sindifuna kudzazimva pa dzina lako. Opulumuka amakulira kudzala, kuba usipa woyanika ku Ngara kapena ku Chilumba, kugwira nkhuku ndi ana a mbuzi. Mbuzi ya mnansi ikafa, kwa amfumu sakaitana galu, akaitana iwe.

Choopsa kwambiri ndi chiwewe. Bungwe la World Health Organization limati nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amaitenga kwa galu. Anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15, poti ndiwo amakonda kunyamula tiagalu. Kuti chiwewe chithe m'dera pamafunika kubaya katemera agalu 7 mwa 10 alionse. N'chifukwa chake ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies akhala akuyenda khomo ndi khomo kuyambira 2015. Koma agalu akamabadwa mosalekeza, obayidwa chaka chatha amachepa pakati pa atsopano osabayidwa, ntchito n'kubwerera m'mbuyo. A zaziweto akalengeza katemera, siya khasu upite ndi galu wako.

Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangira kuchipatala tsiku lomwelo, kaya pa boma pa Karonga, ku Kaporo kapena ku Chilumba. Usayambe wadikira kuti uone. Zizindikiro zikangotuluka, palibenso mankhwala.

Tsono nkhani ya ndalama. Opaleshoni yotseka galu wamkazi kuti asabereke ndi yodula, sindikukana. Pamafunika mankhwala ogonetsa, dokotala wodziwa, ndi mayendedwe. Bungwe la LSPCA limathandiza pa ntchitoyi, koma lili ku Lilongwe, ndipo kuchokera kuno ku Karonga ndi ulendo wa tsiku lathunthu. Komabe opaleshoni umalipira kamodzi. Kusatseka umalipira chaka ndi chaka: chakudya cha ana, mankhwala a njoka zam'mimba ndi nkhupakupa, chindapusa cha mbuzi, ndi maulendo a kuchipatala, poti jakisoni wa wolumidwa si wa tsiku limodzi. Pita kwa mlangizi wa ziweto kapena ku ofesi ya zaulimi pa boma, ufunse amene amachita ndi mtengo wake. Ukakolola mpunga wa Kilombero patula ndowa zingapo za ntchito imeneyi. Kufula wamphongo n'kotsikirako mtengo, ndipo wofulidwa amachepetsa kuyendayenda ndi ndewu. Usaope kuti asiya kuuwa akuba, sasiya.

Usatenge lezala kapena mphira n'kumafula wekha ngati mbuzi. Galu amataya magazi, bala limaola. Ndiponso usamubaye jakisoni wolera wa amayi, ngakhale wina akuuze kuti ndi njira yachidule. Amatha kuyambitsa mafinya m'chiberekero, galu n'kufa akuvutika.

Ndalama zikasowa, khola lisasowe. Ukaona watupa kumaliseche ndi kudontha magazi, mutsekere milungu itatu yathunthu, usiku ndi usana, madzi ndi chakudya zili momwemo. Mpanda waudzu suthandiza. Amphongo amamva fungo kutali ndipo amakumba pansi.

Za bizinesi yogulitsa ana agalu, imene anzako akukunyengerera, ndinenepo. Ochita bizinesiyi amakweretsa galu aliyense, nthawi zina mlongo ndi mlongo wake, n'kumati ndi German Shepherd. Ana otere amatha kubadwa ofooka. Ndiye amawachotsa kwa mayi asanaleke kuyamwa, pomwe kagalu kamayenera kukhala ndi make milungu 8. Wogula kakamufera m'manja adzabwera pakhomo pako kudzafuna ndalama zake. Ngati ulibe ogula odziwika galu asanakweredwe, ulibe ya katemera ndi chakudya cha ana onse, usamukweretse.