Chisomo M'nyumba ya Filemoni

LACHITATU

Werengani Filemoni 8-21. Kodi Paulo anapempha chiyani kwa Filemoni? Nanga iye mwini analonjeza kuchitapo chiyani?

Kalata ya kwa Filemoni ili ndi ndime 25 zokha. Iyamba ndi chisomo (ndime 3) nitsiriza ndi chisomo (ndime 25), koma pakati pake mulibe chiphunzitso chachitali. Muli mlandu wa m'nyumba, wa anthu awiri amene mmodzi analakwira mnzake. Apa ndipo chisomo chiyesedwa.

Paulo analemba kalatayi ali wandende ku Roma, cha m'zaka za 60 mpaka 62 A.D. Filemoni anali wa ku Kolose, ndipo mpingo unkasonkhana m'nyumba mwake. Kapolo wake, Onesimo, anathawa, ndipo ndime 18 itipatsa kuganiza kuti anamtayitsanso chuma. Mwa lamulo la Aroma kapolo anali katundu. Wothawa akagwidwa, mbuye wake ankatha kumkwapula, kumtentha chizindikiro pamphumi, ngakhale kumupha. Koma ku Roma Onesimo anakomana ndi Paulo, natembenuka mtima. Taonani tsono chimene chisomo chinafuna kwa aliyense wa amuna atatuwa.

Kwa Onesimo chinafuna kubwerera. Akulu amati mlandu suola, ndipo kukhululukidwa ndi Mulungu sikunafafanize mangawa ake kwa munthu. Anayenda ulendo wautali pamodzi ndi Tukiko (Akolose 4:7-9) kukaima pakhomo limene analithawa, asakudziwa chimene adzalandira. Wolapa moona sabisala kumbuyo kwa chisomo. Amapita kukakonza chimene anaononga.

Kwa Paulo chinafuna kulipira. Iye sananene kuti palibe chinalakwika, kapena kuti Filemoni angoiwala. Anapempha kuti mangawawo awerengedwe pa iye, nalemba lonjezo limenelo ndi dzanja lake (ndime 18, 19). Apa tiona chithunzi cha Gologota. Chisomo chili chaulere kwa wochilandira, komatu wina amasenza mtengo wake.

Kwa Filemoni chinafuna chovuta koposa: kusiya ufulu wake wa kubwezera, ndi kutcha wothawayo mbale wokondedwa (ndime 16). Paulo akanatha kumlamula, koma anasankha kumdandaulira, kuti ubwino wake usakhale wokakamiza (ndime 14). Lamulo likhoza kuletsa dzanja kukwapula. Silingathe kuchititsa mtima kulandira.

Werengani Akolose 3:13 ndi Tito 2:11, 12. Kodi chisomo chimaphunzitsa chiyani?

M'Chigriki, mawu a "kukhululukirana" pa Akolose 3:13 achokera pa tsinde limodzi ndi charis, ndiko kuti chisomo. Chotero kukhululukira mbale ndiko kumpatsirako chisomo chimene ife tinayamba kulandira. Ambuye anaphunzitsa zomwezi pa Mateyu 18:23-35. Kapolo wina anakhululukidwa matalente 10,000, koma anakanyanga pakhosi mnzake chifukwa cha marupiya atheka 100. Rupiya latheka linali malipiro a tsiku limodzi (Mateyu 20:2), pamene talente limodzi linali ngati marupiya atheka 6,000. Amene waiwala kukula kwa mangawa ake kwa Mulungu, ndiye amawerengetsa mangawa a mnzake.

Nkwapafupi kuvomereza chisomo m'kalasi ya Sukulu ya Sabata. Koma Lachitatu lino chikufunsa za wantchito amene tamchedwetsera malipiro, za mbale amene anabwereka ndalama nasiya kutipatsa moni, za mlamu amene sitilankhulana naye chiyambire maliro aja. Filemoni akanakana, akanatsogolera bwanji mapemphero m'nyumba mwake, Onesimo ali m'maunyolo kuseri? Momwemonso tikhoza kusunga maola onse a Sabata, ndi kubwezera chakhumi chamtunthu, koma wogona nafe nyumba imodzi osaona chisomo chilichonse mwa ife.

Malembo sanena chimene Filemoni anayankha. Kalatayo yatsala yotseguka, monga ngati yankho liyembekezeka kwa ife amene tikuiwerenga.

Lingalirani: Mwa atatuwa, inu muli pa malo a yani sabata ino: woyenera kubwerera, woyenera kuimira wina, kapena woyenera kulandira? Kodi mudzachitapo chiyani dzuwa lisanalowe Lachisanu?