Kodi Makalata a Nkhondo Anena Zoona Zonse?

Nkhondo ikatha mfuti zikhala chete, ndipo amene anaiona atsirizika mmodzi mmodzi. Chotsala ndicho zolembedwa: mabuku m'mene akulu a asilikari analemba za maulendo ao tsiku ndi tsiku, makalata otumizidwa ku Boma ku Zomba, ndi maina a ophedwa. Nanga tiyenera kuzikhulupirira kufikira pati?

Tiyambe kubvomera phindu lake. Mbiri yoyenda pakamwa ikula m'njira, koma pepala lisunga tsiku ndi malo. Mwa zolembedwazi tidziwa kuti mu August 1914 sitima ya Guendolen inaononga sitima ya Ajeremani ku Sphinxhaven. Kuti pa 9 September asilikari a K.A.R. anabweza Ajeremani pa Karonga. Ndi kuti mu January 1915 anthu a John Chilembwe anathyola nyumba ya zida ku Mandala, kuno ku Blantyre, natengamo mfuti zowerengeka zokha. Popanda makalata, wodzitama akadachulukitsa, ndi wogonja akadachepsa.

Komatu wolemba alemba chimene maso ake aona ndi chimene mtima wake uyesa chachikulu. Maina a akulu a nkhondo alipo ndithu. Koma amtengatenga a dziko lino, ngati 200,000, amene anasenza ufa ndi zipolopolo, ambiri nafera m'njira ndi njala ndi kamwazi, analowa m'mabuku monga chiwerengero chabe. Ngakhale kalata imene Chilembwe analembera Nyasaland Times mu November 1914, yodandaula za mwazi wa anthu akuda, Boma linailetsa. Chifukwa chake Melvin Page, m'zaka za m'ma 1970, anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba za Nkhondo ya Chiwaya, ndipo anamva zambiri zimene pepala linasiya.

Tsono, abale, mlandu sutha ndi mboni imodzi. Tisanyoze makalata, pakuti atichinjiriza ku mabodza. Tisawayese woweruza, pakuti ali mboni chabe. Amene akhoza, akawerenge mabuku osungidwa ku Mandala ndi Society of Malawi. Koma pa mudzi uli wonse pali nchito yoposa: wodziwa dzina la kholo limene linapita ku mtengatenga osabwerera, alilembe, auze ana ake. Mulungu sanaiwale ndi mmodzi yemwe wa iwo. Sikuyenera kuti ife, obadwa mwa iwo, tiwaiwale.