Lendi ikavuta, musamuthawe mwininyumba

Ana anga, inu amene mwayamba moyo wa m'tauni, tcherani khutu pa nkhani ya lendi. Kaya muli ku Ndirande, ku Mbayani, ku Kawale kapena ku Chibavi, ambiri a inu mukugona m'nyumba ya eni ake, ndipo tsiku lina mwezi udzatha m'thumba muli mbee. Ntchito imatha, geni imaduka, mwana amadwala. Palibe chamanyazi pamenepo. Chomwe chimandiwawa ine ndi zimene mumachita zikatero: kulawirira kukadali mdima, kubwera usiku anthu atagona, kuzimitsa foni mukaona nambala ya alandilodi.

Mwininyumba amatha kupirira munthu amene zamuvuta, koma wozemba samupirira. Mukamabisala, iye amati mukukonza zosamuka usiku ndi ndalama zake, ndipo m'pamene amabwera ndi loko wake n'kukhoma pamwamba pa loko wanu.

Pitani nokha tsiku lolipira lisanakwane. Odirani, khalani pansi, nenani mosapita m'mbali: "Mayi, mwezi uno zandivuta. Ndapezako theka, yotsalayo ndibweretsa pa 15." Tsiku mwatchulalo likakwana, kaonekereni, ngakhale mutanyamula zochepa. Ndalama iliyonse imene mwapereka ikhale ndi umboni, kaya ndi lisiti, kaya kabuku kosainirana. Ngati mwatumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthenga uja musaufufute. Nkhani ikakafika kwa amfumu, funso loyamba ndi lakuti miyezi ingati, ndipo wopanda pepala amangoti kakasi.

Musaganize kuti aliyense wochititsa lendi ndi mpondamatiki. M'makomboni mwathumu ambiri ndi amayi amasiye amene anamanga tizipinda kuseri kwa nyumba ndi ndalama zomwe malemu amuna awo anasiya. Lendi yanuyo ndiwo ufa wawo, fizi ya adzukulu, bilu ya madzi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinawakwerera iwo monga sopo ndi mafuta ophikira zinakukwererani inu. Mukamakamba nawo, zimenezi zikhale m'mutu mwanu.

Komatu ngongole siisandutsa munthu galu. Alipo eni nyumba ouma mtima, amene amazula chitseko, kusasula malata mvula ili m'mwamba, kapena kuponya katundu panja. Ndinaonapo ndi maso angawa: mphasa, mbaula, ndowa ndi mphika wa nyemba ukadali wotentha zili mbwee pamsewu, ana atakhala pa matiresi asanavule n'komwe yunifolomu, mayi wawo akubisa nkhope m'chitenje. Ana aja analakwanji? Nkhanza zotere ndimadana nazo, ngakhale ngongoleyo ikhale ya miyezi ingati. Zikakuonekerani, musathyole loko, musatukwane, musakweze dzanja, chifukwa mlandu wa lendi ungasanduke wa kupolisi, wolakwa n'kukhala inu. Itanani anansi akhale mboni, kadandauleni kwa amfumu a m'deralo, ndipo zikakanika pitani kukhoti la majisitireti. Amene alibe ndalama za loya akagogode ku Legal Aid Bureau, ofesi imene boma linakhazikitsa kuti izithandiza osauka pa milandu.

Ndinenenso ichi, ngakhale chili chowawa. Ena mumalowa nyumba ya matailosi ndi mpanda pofuna kuti anzanu akutameni, pamene malipiro anu ndi a chipinda chimodzi. Ngongole ikafika miyezi iwiri kotulukira kusakuoneka, musadikire notisi. Kambiranani ndi mwininyumba, lembani pamaso pa mboni momwe muzibwezera pang'onopang'ono, mubweze makiyi masana dzuwa likuswa mtengo, n'kukapeza chipinda chomwe thumba lanu lingachikwanitse. Geni ikadzadzuka mudzafunanso nyumba yabwinopo, ndipo eni nyumba a m'dera limodzi amafunsana za munthu asanamupatse kiyi.