Munthu Akakusiyira Foni pa Tchaji, Wakusiyira Chiyani?



Lero ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundivuta mumtima, ndipo ndineneretu kuti wolakwa woyamba m'nkhaniyi ndine. Funso lake ndi ili: munthu akakusiyira foni yake kuti uyitchaje, uyikonze, kapena ungomuwerengera uthenga umodzi, wakusiyira kachipangizo kokha kapena wakusiyiranso zonse zili m'katimo? Nanga ukaonamo choipa, utani nacho?

Amene mumadziwa pa Chonde, pamsewu wochokera ku Luchenza kupita ku Mulanje, mukudziwa kuti bizinesi yotchajitsa mafoni siigona. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi muno ndi zimene zinkawunikira magetsi, pomwe foni yafika ngakhale kumudzi kosafika galimoto. Ndiye foni ikathima, mwini wake amayenda nayo kukayisiya kwa amene ali ndi moto. Msuweni wanga ali ndi kabenchi kotero: sola padenga, batire, mawaya ngati mizu ya kachere. Mwezi wa October, khamu likadzaza pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, mafoni amachuluka mpaka timamata timapepala ta manambala kuti tisasokoneze. Ine ndimamuthandiza ndikakhala ndilibe zochita.

Zimene ndikufuna kunena zinachitika miyezi ingapo chidutsire namondwe wa Freddy, uja anasakaza kuno mu March 2023. Kunali agogo ena amene ankabwera ndi ka Itel kawo ka mabatani, kokulunga pakansalu. Si Msilamu, koma mdzukulu wawo amene amakhala naye ndi mnzanga wa mpira. Mwana wawo wamwamuna ali ku Joni, ndipo mwezi ndi mwezi amatumiza ndalama pafoni. Agogowo sadziwa kuwerenga. Nambala yachinsinsi amasunga ndi mdzukuluyo, ndipo ndi iye amapita kwa ejenti kukatapa.

Tsiku limenelo anandiuza kuti, "Mwanangu, kanalira dzulo aka. Tandionera ngati ali malume ako." Ndinatsegula, n'kuwawerengera kuti alandira K60,000. Anawomba m'manja. "Wawonjezera mwana wanga! Miyezi yonseyi zimakhala 40." Anasiya foni pa tchaji, n'kulowa mumsika.

Apa ndi pamene ndinagwa. Mawu aja akuti "zimakhala 40" anandikanda. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinatenga kafoni kaja, n'kuyamba kutsika ndi mauthenga akale. Mwezi wathawo K60,000. Winawo K60,000. Mpaka miyezi isanu, nambala yomweyo. Ndinapitiriranso, n'kuwerenga mauthenga ena osakhudza ndalama, nkhani za m'banja mwawo zimene sindidzazinena. Agogo pobwera anandipeza ndikumwetulira ngati palibe kanthu, analipira, n'kumapita.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Mbali ina mtima unkandiwombera m'manja: wagwira wakuba, wachita bwino. Mbali ina unkandifunsa kuti, anakutuma ndani?

Tiyeni tiyambe ndi mbali yoyambayo, chifukwa ndikudziwa ambiri mukuwerenga mwayima kumeneko. Mukuti, aise, vuto lili pati? Ukanapanda kuyang'ana, agogo akanapitiriza kuberedwa. Mfundoyi ili ndi mphamvu, sindikuyipeputsa. Munthu wosadziwa kuwerenga ali ngati wogona m'nyumba yopanda chitseko, ndipo wodziwa kuwerenga amene waona utsi sayenera kungodutsa.

Koma nditadzifunsa moona, ndinapeza zinthu zitatu zosandikomera. Choyamba, sindinatsike ndi mauthenga aja chifukwa chokonda agogo. Chinali chidwi basi, chija chimatipangitsa kusuzumira pawindo la eni. Umboni wake ndi woti nditapeza za ndalama sindinayime. Chachiwiri, ndikanapeza kuti zonse zili bwino, ndikanakhala kuti ndalowabe m'nyumba ya munthu popanda odi, kungoti palibe akanadziwa. Ndiye kulowako sikungasanduke kwabwino chifukwa choti mwamwayi ndinapezamo mbava. Chachitatu, ndipo ichi ndi chimene chinandipweteka, khomo la halaal linalipo lotsegula. Agogo anali chiimire pamaso panga. Ndikanangoti, "Agogo, mundilole ndione ndi a miyezi yapitayi?" akanavomera kapena kukana, ndipo zonse zikanachitika iwo akuona. Ndinadikira kuti achoke. Munthu amene akuchita chilungamo sadikira mwini wake atembenuke.

Chipembedzo chathu sichinatisiye mumdima pa izi, ngakhale mafoni kunalibe. Mu Surah An-Nur, ndime 27 ndi 28, tikuphunzitsidwa kupempha chilolezo tisanalowe m'nyumba za ena, ndi kubwerera ngati sitinaloledwe. Mu Surah Al-Hujurat, ndime 12, zinthu zitatu zaletsedwa pamalo amodzi: kuganizirana zoipa, kufufuzana, ndi miseche. Taonani ndondomeko yake, ndi momwemo zimayendera pafoni. Umayamba kukayikira, kenako ukufufuza, mawa uli pa benchi ukufotokozera anzako. Ine ndinali nditakwera masitepe awiri, latsala limodzi.

Ndiye foni ndi nyumba? Taganizani zimene zilimo. Muli ndalama, chifukwa Airtel Money ndi Mpamba ndiye banki ya ambiri a ife. Muli dzina la munthu, chifukwa chiyambire 2018 nambala iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso. Muli zithunzi za alongo athu atavula hijab ali kuchipinda kwawo, mauthenga a ngongole, zotsatira za kuchipatala, mikangano ya m'banja. Makolo athu zinthu zotere ankazisunga m'chikwama pansi pa bedi, ndipo mlendo sankafika kumeneko. Ife timazinyamula m'thumba, n'kukazisiya pa benchi kwa mnyamata amene sitidziwa n'kwawo komwe, chifukwa batire latha ndipo palibe kuchitira mwina. Ngakhale lamulo la dziko, lija la 2016 loona za pa intaneti ndi zipangizo zamakono, limati kulowa m'zinthu za munthu zosungidwa m'chipangizo popanda chilolezo ndi mlandu. Koma pa benchi palibe wapolisi. Pali iwe, foni ya eni, ndi Allah amene akuona.

Apa mpamene mawu akuti amaana amalemera. Tonse tinaphunzira ku madrasa kuti Mtumiki (SAW) ankatchedwa Al-Amin asanapatsidwe utumiki, ndipo anthu a ku Makkah ankasungitsa katundu wawo kwa iye. Posamuka kupita ku Madinah m'chaka cha 622, anasiya Ali (RA) kuti abweze katunduyo kwa eni ake, ena mwa iwo anthu omwe sankamukhulupirira. Amaana siyifunsa kuti mwini katundu amapemphera kuti. Agogo aja si a mzikiti wathu, koma ka Itel kawo m'manja mwanga kanali ndi ufulu wonse womwe ikanakhala nawo foni ya Sheikh.

Koma nkhani siyithera pamenepo, ndipo apa ndi povuta penipeni. Ndalakwa kuyang'ana, inde. Koma ndaona. Zimene ndaona sizingabwerere m'foni. Kodi tsopano kukhala chete ndiye kusunga amaana? Kwa masiku angapo ndinadzinamiza choncho. Ndinkati, poti ndinazipeza mwa njira yolakwika, bola ndingoiwala. Kenako ndinazindikira kuti chete ameneyo akutchinjiriza anthu awiri okha, mnzanga ndi ine. Mwini chinsinsi ndi agogo. Ndalama ndi zawo, mauthenga ndi awo. Kuwabisira zimene zili m'foni yawo yomwe kukanakhala kuwonjezera kulakwa kwachiwiri pamwamba pa koyamba.

Ndiye ndani ayenera kumva? Ndinaona kuti ndi anthu awiri, wochita ndi wochitiridwa. Msuweni wanga ayi. Anyamata a kabaza oyima pafupi ndi benchi ayi. Gulu la mpira la pa WhatsApp ayi, ngakhale chala chinkayabwa. Timakumbuka Hudhayfah ibn al-Yaman (RA), amene Mtumiki (SAW) anamuuza mayina a achiphamaso a ku Madinah, ndipo iye sanayende nawo m'misika. Kudziwa choipa cha munthu sikukupatsa chilolezo choti uchilengeze.

Ndinayamba ndi mnzangayo, awiriwiri, titachoka ku mpira. Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Anakwiya kaye, ndipo funso lake loyamba linali lomwe ndinkaliopa: "Iwe unaziona bwanji?" Ndinamuuza zoona. Atazizira anandifotokozera zimene foni sinandiuze. Pa K20,000 imene inkasowa mwezi uliwonse, theka anamuuza ndi malume akewo kuti azisunga pambali, agule malata okonzera nyumba imene Freddy anaigumula mbali imodzi, chifukwa agogo ndalama ikafika m'manja amagawira aliyense wobwera ndi dandaulo. Anandionetsa uthenga wa malumewo pafoni yake. Theka linalo anavomera yekha, mutu uli pansi: mabandulo ndi kubetcha mpira.

Mwaona eti? Ine ndinali nditaweruza kale kuti waba zonse. Uthenga wa pafoni umakupatsa nambala, nkhani yake sukupatsa. Ndikanathamangira pagulu ndi zimene ndinaona, theka la zonena zanga likanakhala bodza, ndipo bodza limenelo likanafika ku Joni dzuwa lisanalowe. Ndi ma screenshot angati amene timatumizirana tsiku ndi tsiku ali otero, oona pa mawu koma onama pa nkhani?

Ndinamupatsa sabata kuti akawauze yekha. Sanapite. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo ine ndinkaopa kuswa mkhate wa banja la eni. Komabe agogo atabweranso ndinawakhazika pansi kuseri kwa benchi. Ndinayamba ndi mlandu wanga: kuti tsiku lija atachoka ndinawerenga mauthenga amene sanandipemphe, ndipo andikhululukire. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ine ndinakupatsa kuti uyikemo moto. Maso ndinakupempha kamodzi kokha." Ndinasowa poyang'ana. Atatero anandipatsa foni ija n'kunena kuti, "Chabwino, werenga zonse za ndalamazo, ndili pompano." Ndinawerenga. Ndinawauzanso kuti mdzukulu wawo ali ndi mbali yake yoti afotokoze, amufunse modekha, ndipo alankhule ndi mwana wawo.

Zimene anakambirana kunyumba kwawo sindikuzidziwa, ndipo si zanga. Chimene ndikudziwa ndi ichi: mnzanga uja mpaka lero timangopatsana moni wa patali. Agogo amabwerabe kudzatchajitsa, koma salowanso mumsika. Amakhala pa benchi, maso pa kafoni kawo, mpaka kadzaze. Sanandinenepo kanthu, koma kukhala kwawoko ndimakumva. Mwina ndalama zawo zinapulumuka. Chikhulupiriro chimene anali nacho pa ine ndinachiwononga ndekha, pa mphindi zosakwana zisanu.

Mwina mukuti ine sinditchajitsa mafoni, sizikundikhudza. Taganizani bwino. Mnzako wakupatsa foni kuti uone chithunzi chimodzi, chala chako chapita kumanzere kangati? Mlongo wako wasiya foni akupita kukapanga wudhu, uthenga walowa, unawerenga? Wapita kukabenetsa nyimbo kapena kukonzetsa sikirini, kodi ungakonde wokonzayo atakopera zithunzi zako? Nanga iwe wokonza, memory card ya kasitomala umayitsegula chifukwa ntchito yafuna, kapena chifukwa wakhala wekha? Mayi ako akupatsa nambala yachinsinsi kuti ukawatapire, umawauza ndalama yeniyeni yotsala? Ambiri a ife kunyumba kwathu ndife maso a makolo pa zipangizozi. Iwo anatilipirira sukulu kuti tidziwe kuwerenga, ndipo lero kuwerenga komweko kwatipatsa mphamvu pa iwo imene sangathe kuyilondoloza.

Zimene ndaphunzira ndi zochepa, koma ndazilipira. Chita chokhacho chimene wapemphedwa. Ukaona chokayikitsa, pempha chilolezo mwini wake ali pomwepo. Ukadziwa choipa, pita nacho kwa okhudzidwa okha, ndipo pita ngati wofunsa, chifukwa mwina ukudziwa theka. Ngati unachidziwa mwa njira yolakwika, yamba ndi kuvomera zako. Ndipo amene muli ndi agogo kapena makolo osawerenga, muziwawerengera uthenga wonse mokweza, ndi nambala zake, ngakhale asanafunse.

Funso limodzi ndikadali nalo, ndipo ndikusiyirani. Agogo aja akanakana, akanati "siya, usawerenge," ine n'kukhala ndikukayikirabe kuti akuberedwa, ndikanayenera kutani? Ine ndikuona kuti ndikanayenera kulemekeza kukana kwawo, n'kungowachenjeza ndi pakamwa kuti afunse mwana wawo ndalama imene amatumiza. Koma ndikudziwa ena muona mosiyana, ndipo ndikufuna kumva maganizo anu.

Allah atikhululukire pa zimene maso athu anaona popanda chilolezo, atibisire zolakwa zathu, ndipo atipange kukhala anthu oti munthu angatisiyire foni yosakiya n'kupita mumsika mtima uli m'malo. Ameen.

Wassalaamu alaikum.