Wagwiradi Mbala, Koma Mwachinyengo: Timuombere M'manja?

Ku Maramba, ku Libuyu kapena ku Dambwa, foni ikabedwa palibe amene amafuna kumva za khoti. Timafuna wapolisi wa dzanja lolemera, woti akamugwira mnyamatayo amuthire mbama mpaka aulule komwe wagulitsa. Kukacha, ife tomwe timadandaula kuti apolisi ena amafuna ya nchekelako pamsewu. Timaganiza kuti izi ndi nkhani ziwiri, koma filimu ina yakale ya ku America imasonyeza kuti ndi nkhani imodzi.

Filimuyo ndi Touch of Evil, imene Orson Welles anapanga mu 1958. Ili m'gulu la mafilimu otchedwa film noir, dzina limene wolemba wa ku France, Nino Frank, anagwiritsa ntchito mu 1946, kutanthauza filimu yakuda. Zambiri zimachitika usiku, nkhope za anthu zimaoneka theka chifukwa cha mthunzi, ndipo wofufuza mlandu nayenso amakhala ndi zake zobisa. Mumzinda wa mafilimu otere, andale, zigawenga ndi apolisi amadyera mbale imodzi.

Nkhani ya Touch of Evil imachitikira m'tauni ya m'malire a America ndi Mexico. Munthu wa kuno sangaione yachilendo. Tili ndi mlatho wa Victoria Falls wa mu 1905, wa Kazungula unatsegulidwa mu 2021, ndipo timadziwa kuti pomwe katundu ndi ndalama zimawoloka tsiku ndi tsiku, munthu wa yunifomu amayesedwa kwambiri. Mufilimumo galimoto ya munthu wolemera iphulika ndi bomba. Mkulu wa apolisi, Hank Quinlan, aganizira mnyamata wina dzina lake Sanchez, ndipo zophulitsira zipezeka m'kabokosi ka nsapato kunyumba kwake. Koma wapolisi wa ku Mexico, Vargas, anali ataona kabokosiko kali kopanda kanthu mphindi zochepa m'mbuyomo. Quinlan anaikamo yekha. Kumapeto, Quinlan atafa, timva kuti Sanchez wavomera mlanduwo.

Apa mpomwe pali funso. Ngati wapolisi wanama koma wagwira wolakwa weniweni, walakwa chiyani? Amene anabedwapo katundu ali ndi yankho lomveka: milandu imachedwa, mboni zimaopa, ndipo mbala imene inagwidwa Lolemba mumakumana nayo pamsika Lachisanu. Quinlan nayenso ali ndi bala lake, popeza mkazi wake anaphedwa kalekale ndipo wakuphayo sanaweruzidwe. Si munthu wa dyera la ndalama. Amakhulupirira kuti mtima wake sumunamiza.

Komatu Quinlan sankadziwa kuti Sanchez ndi wolakwa, ankangoganiza. Vargas atafufuza m'mafaelo akale anapeza kuti mchitidwewu unayamba kale pa milandu ina yambiri, ndipo palibe amene akanathanso kusiyanitsa olakwa ndi osalakwa pakati pa anthu amene anamangidwa. Ngakhale kuvomera kwa Sanchez tingakukhulupirire bwanji, pomwe tamuona akumenyedwa pofunsidwa mafunso? Umboni umafunika chifukwa wapolisi ndi munthu, amatha kulakwitsa. Akauchotsapo, chotsala ndi nkhope yako, komboni yako ndi mmene iye wadzukira tsikulo.

Chachiwiri n'chakuti mphamvu yomanga munthu popanda umboni ndi yomweyo yomasula munthu pali umboni, ndipo mphamvu yotere imapeza wogula msanga. Ambiri tinaonera Training Day ya mu 2001. Alonzo Harris, amene Denzel Washington anasewera mpaka kupata Oscar, amaphunzitsa wapolisi watsopano kuti chigawenga sungachigonjetse potsata buku. Dzuwa lisanalowe, timuona akupha mnzake kuti atenge ndalama zolipirira ngongole yake. Izi sizithera pa kanema. Jackie Selebi, amene anali mkulu wa apolisi onse ku South Africa komanso pulezidenti wa Interpol, anaweruzidwa mu 2010 kukhala m'ndende zaka 15 chifukwa cholandira ndalama kwa Glenn Agliotti, munthu wa malonda a mankhwala ozunguza bongo.

Mafilimu amenewa ali ndi msampha wawo. Ukawaonera kwambiri umayamba kunena kuti onse ndi ovunda, choncho ingolipira upite. Maganizo amenewa amakomera wakatangale kuposa wina aliyense, ndiponso amanyoza apolisi amene amagwira ntchito usiku wonse osapempha kanthu. Mafilimu enieniwo satero. Quinlan anagwa chifukwa mnzake wapamtima, Pete Menzies, anavomera kujambula mawu ake mobisa. Frank Serpico, wapolisi weniweni wa ku New York amene Al Pacino anasewera mu 1973, anakana ziphuphu, anawomberedwa kumaso mu 1971, ndipo chaka chomwecho anapereka umboni poyera. Mtengo wake unali waukulu, koma unalipidwa ndi anthu wamba ngati ife.

Kwa ife sizifuna kufika pa chipolopolo. Police bond ndi yaulere, ndipo m'bale wako akagwidwa uli ndi ufulu wonena zimenezi mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo. Chindapusa chenicheni chimabwera ndi risiti. Anti-Corruption Commission ndi Police Public Complaints Commission alipo kuti alandire madandaulo. Chovuta koposa zonsezi ndi cha tsiku limene foni yabedwa ndi yako. Tsiku limenelo, ukapempha bwana kuti amufinye mnyamatayo kuseri kwa chitseko, dziwa kuti wamulola kuchita chimodzimodzi kwa mng'ono wako akadzamuganizira molakwa.