Selo Losenza Katundu

Pa doko la Kachulu ndinaona mnyamata atasenza thumba la matemba, maganizo anga n'kuthawira ku Harvard. Kumeneko mu 2020 gulu la Samir Mitragotri linamata timbale ting'onoting'ono tamankhwala pa maselo oyera a magazi a mbewa, kuti akalowa m'chotupa cha khansa asagonje n'kuyamba kuchithandiza. Chotupacho chinachedwa kukula.

Funso nali, abale: selo lamoyo losenzetsedwa katundu wopanga munthu likadali cholengedwa, kapena lasanduka wilibala? Ine sindikuonapo tchimo. Ng'ombe timaimanga goli koma sitiitcha khasu. Chondisowetsa tulo n'china. Msodzi wa pa chimbowera m'nyanja ya Chilwa, amene katemera wa kolera anamufikira mu 2016 mliri utabuka kale, timbale timeneti adzationa liti?